Wailesi Imene Bambo Sanamalize Kukonza

Tsiku limene Kasingano anamva bambo ake akutsokomola, n'kuti bambowo atatha zaka zitatu ali m'manda.

Linali Lachiwiri m'mawa, m'kalasi muli zii, aliyense atawerama pa mayeso a masamu. Mwadzidzidzi chifuwa chinamveka: kawiri motsatizana, kenako kamluzu kakang'ono kumapeto. Kasingano anadzidzimuka n'kuyang'ana pakhomo, tsitsi lili nyaunyau. Kutsokomola kumeneko ankakudziwa ngati dzina lake. Pakhomo panalibe munthu. Koma kalasi yonse inali itatembenukira kwa iye, ndipo dzanja limene linali pakamwa linali lake lomwe.

"Iwe, ukatsokomolere kwanu, ife mayeso atikwana kale," anatero mtsikana wina kumbuyo. Anthu anaseka. Kasingano anayesa kuseka nawo, koma milomo inakana.

Dzina lakuti Kasingano anamupatsa ndi bambo ake, poti anabadwa wamtali ndi wowonda, komanso mayi ake anali telala. Mng'ono wake, amene tsopano anali ndi zaka zinayi, anabadwa wozungulira ndi masaya otukumuka, ndiye anangoti uyu ndi Batani. Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu. Chipinda chakumaso ndicho chinali shopu: pawindo panali makina osokera a mayi, ndipo pakona panali tebulo limene bambo ankakonzerapo mawailesi. Tebulolo linali likadali pomwepo. Pashelefu yapamwamba panali wailesi yakale yamatabwa imene bambo ankati adzaimaliza mawa, ndi kapu yawo yachitsulo yomangidwa ulusi wofiira pachogwirira. Mayi ankapukuta fumbi paliponse, koma shelefu imeneyo ankailambalala.

Bambo anadwala chifuwa chachikulu Kasingano ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Achipatala anawapatsa mapiritsi ofiirira, atatu m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi khadi la timabokosi. Popeza mayi ankalawirira kukagula nsalu, ntchito yoyang'anira bambo inagwera Kasingano. Iye ndiye ankawerenga mapiritsi, iye ndiye ankachonga khadi. Sanaphonye tsiku ngakhale limodzi, ndipo ankanyada nazo kwabasi. Bambo anapezako bwino, ananenepa pang'ono, anayambanso kuimba pogwira ntchito. Kenako chifuwa chinabwerera ndi ukali. Anazengereza kubwerera kuchipatala, ndipo pamene anawanyamula, madzi anali atafika kale m'khosi.

Ndiye musamuweruze msanga mwanayu. Iye anali ndi umboni umene anthu ena analibe. Anaona ndi maso ake munthu akumaliza mankhwala onse, kabokosi kalikonse kochongedwa, koma n'kufabe. Mumtima mwake nkhani inali yotha: chifuwa chachikulu chikakugwira, mapiritsi amangokuperekeza.

Madzulo a Lachiwiri lomwelo mayi anamuitana ali pamakina.

"Bwera kuno. Imirira bwino."

Anachotsa tepi m'khosi n'kumuzunguliza m'chiuno. Anayang'ana nambala n'kuyezanso.

"Siketi iyi ndinaichepetsa mwezi watha. Lero ikuzunguliranso. Ukuganiza kuti sindikuona?"

"Ndikukula, Amayi. Ndikutalika."

"Kutalika kwake kuti? Munthu unganamize abusa, osati telala. Nanga nsalu yogonera ukuichapa m'mawa uliwonse, wayamba kukodza pogona?"

"Ndi thukuta chabe. Kukutentha."

"Kukutentha mwezi uno, anthu tikufunda mabulangete awiri?" anatero mayi. Anamuvulitsa siketiyo, anaipinda m'mbali n'kuisoka. "Nsalu sindidula, ndangoipindira mkati. Udzaifunanso. Mawa tikupita kuchipatala, ndipo kuyambira lero Batani azigona ndi ine."

Kuchipatala anadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Namwino amene anawalandira anali mayi wonenepa, wa magalasi omangirira chingwe, wolankhula ngati akukalipa koma maso akuseka. Anamukweza Kasingano pasikelo, anamufunsa mafunso, kenako anamupatsa kabotolo kotseka ndi chivindikiro chofiira.

"Tamvera, mwanawe. Mawa ukangodzuka, usanadye kanthu, upite panja. Upume kwambiri katatu, ndiye utsokomole kuchokera pansi penipeni. Ndikufuna makhololo, osati malovu. Malovu ndili nawo anga, sindisowa ako. Wamva?"

"Ndamva."

"Nanga nkhope yamaliroyo? Ngakhale titachipeza, chifuwa chimenechi chimachizika. Miyezi isanu ndi umodzi, basi."

Kasingano anangoyang'ana pansi. Mawu omwewo anawamva zaka zoposa zitatu zapitazo, m'chipinda chomwecho, atagwira dzanja la bambo ake.

M'mawa mwake anatuluka kuseri kwa nyumba, kabotolo kali m'manja. Anapuma kamodzi, kawiri. Chifuwa chinabwera chokha, chija cha kawiri ndi kamluzu, ndipo mkamwa munadzaza zinthu zolemera, zomveka ngati chitsulo. Anabweretsa kabotolo pafupi. Pomwepo anaona m'maganizo mwake khadi la timabokosi, ulusi wofiira pakapu, anthu atadzaza pabwalo akuimba motsitsa. Ayi. Analavulira m'ngalande. Munali kamzere ka magazi, ndipo anakafotsera ndi phazi. Kenako anasonkhanitsa malovu oyera bwino, analavulira m'kabotolo n'kutseka zolimba.

Mantha, abale, ndi chinthu choipa. Amakuuza kuti chimene sichinalembedwe papepala ndiye kuti kulibe.

Patatha masiku awiri zotsatira zinatuluka. Sanapeze kanthu. Namwino anamupatsa mankhwala a chifuwa wamba n'kunena kuti akapanda kusintha pakatha masabata awiri abwerenso. Mayi anaimba njira yonse yobwerera. Anagula malalanje, anagulanso riboni yatsitsi imene palibe anaipempha. Pofika kunyumba anauza Batani kuti akhoza kubwerera kuchipinda kwa mkulu wake.

"Ndabwerera!" anakuwa Batani, atanyamula pilo wake pamutu. "Amayi amachita mkonono, achemwali. Ngati galimoto yakufa."

"Iwe mwana, mlomo!" anatero mayi akuseka.

Kasingano anafuna kunena kanthu. Anatsegula pakamwa, koma anaona chimwemwe cha mayi ake, ndipo anatsekanso.

Kuyambira pamenepo anaphunzira luso loipa. Anaphunzira kusunga chifuwa pakhosi mpaka mayi aponde makina, ndipo makina akangoyamba kulira iye ankatsokomolera m'pilo. Makina akaima, nayenso ankaima. Anaphunzira kuchapa nsalu yogonera mayi asanadzuke, ndi kuvala malaya awiri mkati mwa yunifolomu kuti tepi isamugwire. Masabata awiri aja anadutsa. Mayi anafunsa, iye anati zasintha. Koma kulikonse kumene ankapita, bambo ake ankamutsatira. Ankawamva pamakwerero a kusukulu, m'bafa, pamzere wogula sopo. Nthawi zina akadutsa pagalasi la makasitomala m'shopu, ankaona mafupa a m'khosi aja, maso olowa aja, ndipo ankafulumira kudutsa.

Sabata lachisanu, Batani anasiya kudya. Mwana amene ankanyambita mbale mpaka kuwala anayamba kukankha chakudya. Anasiya kuthamangitsa nkhuku za aneba, anasiya kubisa choko cha mayi. Ankangogona pamulu wa zidutswa za nsalu, thupi lili lotentha. Ndipo Lachinayi masana, Kasingano akuchotsa nsapato pakhomo, anamva chifuwa kuchokera pamulu paja. Chinali chaching'ono, chopyapyala, koma chinali chomwecho.

Anaima ndi nsapato imodzi m'manja. Ndamupha, anaganiza. Ndamupha mng'ono wanga. Ndipo ngakhale nditanena, phindu lake n'chiyani? Adzatipatsa mapiritsi aja, ndipo Amayi adzachonga makhadi awiri mpaka tsiku la maliro.

Lachisanu m'mawa mayi anayenera kukapereka mayunifolomu kusukulu ina, ndiye anamuuza Kasingano kuti ajombe, akhale ndi Batani.

"Ndikabwera ndimutengera kuchipatala. Mwina ndi malungo," anatero mayi, akumanga katundu. Sanayang'ane mwana wamkuluyo m'maso, ndipo iyenso sanawayang'ane.

Atatsala awiri, Kasingano anayesa zonse kuti Batani aseke. Anamupangira chidole cha zidutswa, anamuvekera tepi ngati mkanda. Batani anangoyang'ana kumwamba.

"Achemwali, m'chibokosi chija mumakhala anthu?"

"Chiti?"

"Cha Ababa." Analoza wailesi ija. Batani sankawakumbukira bambo ake. Kwa iye, bambo anali tebulo, kapu ndi wailesi.

"Mulibe anthu. Inafa kalekale."

"Ndikufuna ndiione."

Likanakhala tsiku lina, Kasingano akanakana. Koma mwana wodwala akapempha, umakana bwanji? Anakwera pampando n'kuinyamula. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo ataipendeketsa, mkati munamveka phokoso ngati timiyala tikugubuduzika.

"Mwamva? Muli anthu!" anatero Batani, akudzuka koyamba tsiku limenelo.

Kasingano anafuna kutsika bwino, koma chifuwa chinamupeza ali pampando pomwepo. Chinamugwedeza thupi lonse, manja anafooka, wailesi inapulumuka n'kugwa pasimenti kuti phwaa! Chibodi chakumbuyo chinathothoka. Ndipo m'mimba mwa wailesimo munakhuthuka tinthu tofiirira, tambirimbiri, tikumwazika mpaka pansi pa makina, pansi pa tebulo, mpaka pakhomo.

"Masiwiti!" Batani anatola kamodzi n'kulunjika nako pakamwa.

"Siya!" Kasingano anamumenya padzanja, kanthuko kanagwa. Batani anayamba kulira, koma mkulu wake sanamumve. Anali atagwada pansi, maso ali tuzu. Ena anali atasweka, ena atamatirirana ndi chinyezi, ena atachita fumbi. Koma anawadziwa. Zala zake zinawawerengapo atatuatatu, m'mawa uliwonse, kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Anatembenuza chibodi chija. Chinali ndi timabowo totulukira kutentha, ndipo kabowo kamodzi kanali kokuzidwa ndi mpeni, kokwanira piritsi limodzi.

Pamenepo mawu a bambo ake anamveka m'mutu mwake, ofatsa, achikondi, monga ankamvekera m'mawa uliwonse atakhala patebulo lija. "Kasingano wanga, kanditungire madzi m'kapu yanga ija." Iye ankathamanga kukhitchini. Pobwera ankapeza bambo akupukuta pakamwa, dzanja lili lopanda kanthu. "Ndameza kale, mwanangu, madziwa ndi otsitsira. Chonga." Ndipo iye ankachonga, mosamala, kuti chizindikiro chisatuluke m'kabokosi.

Miyezi iwiri yoyambirira bambo ankamwa iye akuona, zimenezo anazikumbukira bwino. Zotuma madzi zinayamba atapezako bwino. Anayang'ananso pansi. Apa panali miyezi inayi yathunthu, itamwazika pasimenti.

Mayi anawapeza chomwecho: wamng'ono akusisima pamulu wa nsalu, wamkulu atagwada pakati pa mapiritsi. Anaima pakhomo. Kenako anatula chikwama, anakhala pansi penipeni, miyendo atatambasula, n'kutola piritsi limodzi.

"Bambo a ana anga," anatero motsitsa, ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala patebulo paja. "Kani munatero?"

Anapukuta piritsilo ndi chala.

"Ankadandaula kuti amawachititsa nseru. Ankati maso akuchita chidima, timawaya sakutiona bwino, makasitomala athawa. Ndinati tiyeni tikawauze achipatala. Tsiku lina anangoti zasiya, ndipo ine ndinathokoza Mulungu. Kani zinasiya chonchi."

"Ndine ndinachonga, Amayi." Mawu a Kasingano anatuluka ong'ambika. "Ndine ndinkawasiya okha."

"Unali mwana. Bambo ako anakutuma madzi, unapita. Ukanatani?"

"Ndinkayesa kuti anamwa onse. Ndinkayesa kuti mankhwalawa sagwira ntchito. Zaka zonsezi ndinkayesa..." Tsopano panatsala chinthu chimodzi, ndipo chinali cholemera kuposa wailesi ija. "Amayi, m'kabotolo muja sindinaikemo makhololo. Ndinalavulira m'ngalande. Munali magazi. M'kabotolo ndinaikamo malovu."

Mayi anamuyang'ana, kenako anayang'ana Batani. Ndipo ngati wina wamuuza, Batani anatsokomola.

Kasingano anadikira pama. Ankalifuna ndithu, likanamupepuza. Koma mayi sanakweze dzanja. Misozi inangotsika, osaipukuta. Anadzuka pang'onopang'ono, anamubereka Batani kumsana ngakhale anali wamkulu wosayenera kuberekedwa, n'kumanga nsalu zolimba.

"Vala nsapato," anatero. "Bambo ako ndinawataya ndisakudziwa. Inu awiri sindikutayani ndikuona."

Namwino wa magalasi uja anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kasingano anaifotokoza yekha, mayi sanamuthandize ngakhale liwu limodzi. Atamaliza, namwino anavula magalasi n'kupukusa mutu.

"Kabotolo kako ndinakakayikira, kanali koyera kwambiri. Koma ndinati mwana wasukulu sanganame pa zotere. Nanenso ndili ndi gawo langa. Tenga kena aka. Pita kuseri uko, ndipo ulendo uno ndikutsatira."

Ulendo uno anachipeza. Batani anamujambula chithunzi cha m'chifuwa, ndipo nayenso anamupeza nacho. Pamene mayi anali pamzere wolandira mankhwala, Kasingano anabwerera kwa namwino.

"Ndine ndamupatsira?"

"Mwina anali atatenga kale usanabwere koyamba. Mwina watenga m'masabata asanu awa. Sindikunamiza, mwanawe, sindikudziwa, ndipo palibe adzadziwe." Namwino anamugwira paphewa. "Chimene ndikudziwa ndi ichi. Nonse awiri mwabwera nthawi ikadalipo, ndipo mukamwa mpaka tsiku lomaliza muchira. Mankhwalawa ali ndi mwano wake. Mkodzo ufiira, usadabwe. Akakuchititsa nseru, maso akachita chidima, mafupa akaphwanya, thamangira kuno, tili ndi chochita. Ndipo pakatha miyezi iwiri udzamva ngati wachira. Tsiku limenelo ndilo loopsa kuposa lero."

Yankho loyamba lija Kasingano analinyamula kupita nalo kunyumba, ndipo silinamuchoke. Madzi akatayika saoleka.

M'mawa mwake mawindo onse anali otsegula. Kasingano anakwera pampando n'kutsitsa kapu ya ulusi wofiira. Anaitsuka, anaidzaza madzi, anaiika patebulo la bambo. Atatero m'pamene anatsegula mankhwala. Mayi anasungunula a Batani m'kapu ina.

"Khala apa, Batani. Undiyang'ane, usaphethire."

Anameza limodzi, lachiwiri, lachitatu. Anali aakulu, okanda pakhosi. Kenako anatsegula pakamwa n'kukweza lilime. Batani anasuzumira ngati dokotala, anayang'ana tsaya ili ndi ili, anamutambasula manja onse awiri.

"Mulibe," analengeza.

"Tsopano iwe."

"Akuwawa!"

"Ndikudziwa. Imwa, ndikuyang'ana."

Anatero masiku onse. Panali m'mawa wina pamene Kasingano anasanza mpaka kulira, ndipo anapita kukanena. Panali anzake kusukulu amene anasuntha madesiki kumutalikira iye atabwerera, kenako ena anawabwezera, ena ayi. Mwezi wachitatu unafika, chifuwa chinatha, njala inabwerera ngati ya dzombe, ndipo m'mawa wina anayang'ana mapiritsi atatu aja m'dzanja lake namva kamawu kakuti, wachira kale, ukuvutikiranji? Tsiku limenelo anawamvetsa bambo ake, ndipo anawalirira kuposa tsiku la maliro. Kenako anaitana Batani kuti adzamuyang'ane.

Batani anachira mochedwerapo. Masaya ake anatenga nthawi kubwerera, ndipo nthawi iliyonse akakhosomola, ngakhale chifukwa cha fumbi la nsalu, mkulu wake ankasiya chilichonse chimene wagwira n'kumvetsera.

Tsiku lochonga kabokosi komaliza, atabwera kuchipatala ndi zotsatira zabwino, mayi anatsegula kadirowa ka makina kuti atenge lezala. Pansi pa maulusi panali khadi lakale la bambo, lopindika m'makona. Kasingano analitenga n'kuliika pambali pa lake. Onse awiri anali odzaza, kuyambira kabokosi koyamba mpaka komaliza, ndipo dzanja lochonga linali limodzi. Munthu wongofika sakanawasiyanitsa.

"Bweretsa siketi ija," anatero mayi.

Anadula ulusi m'mbali, kamodzi, kawiri, ndipo nsalu imene anaipindira mkati inatambasuka, yakuda bwino kuposa inzake poti dzuwa linali lisanaione. Kasingano anaivala. Inamukwana.

Pansi pa tebulo, Batani anali atakumbatira wailesi ija. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, anaigwedezanso mwamphamvu.

"Achemwali, anthu aja anapita kuti?"

Kasingano anayang'ana mpando wa bambo ake. Anamvetsera, monga ankachitira masiku onse. M'nyumba monse munalibe wotsokomola.